Phulusa silisankha mphumi

Mwezi wa February ukafika, nkhokwe zambiri ku Kabudula ndi ku Nsaru zimakhala zili mbee, chimanga chikadali m'munda. Ndi m'nyengo yomweyi, pakati pa 4 February ndi 10 March, pamene Akatolika amatula khasu Lachitatu lina n'kupita kutchalitchi kukalandira phulusa, chiyambi cha masiku 40 a Lenti.

M'maparishi monga Namitete ndi Nambuma, mu Arkidayosizi ya Lilongwe, mzere wa tsikuli umasiyana ndi wa Lamulungu. Nthawi ya Ukaristia ena amatsala pabenchi: amene ukwati wawo sunadalitsidwe, amitala, ana aang'ono komanso alendo a mipingo ina. Koma phulusa si sakramenti. Onsewa ali ndi ufulu woimirira n'kulowa pamzere, ngakhale mayi amene wabereka khanda kumbuyo.

Phulusali si la kumafuwa ayi. Limachokera ku kanjedza amene anadalitsidwa Lamulungu la Kanjedza chaka chatha. Wansembe amalidalitsa ulaliki ukatha, ndipo kunthambi zakutali akatekisti angathe kudzoza anthu phulusa lodalitsidwa kale.

Mwambo wake ngwosavuta. Munthu amayenda mwakachetechete, manja ali pamodzi, osati kucheza kapena kukankhana. Bambo avule chipewa, mayi akankhireko duku kumbuyo kuti mphumi iwoneke. Wodzozayo amalemba mtanda uku akunena mawu ochokera pa Genesis 3:19, okumbutsa munthu kuti thupi lake lidzathera m'dothi, kapena a pa Marko 1:15, omuitana kuti alape. Buku la Misa silinaike yankho lililonse, choncho wongoweramitsa mutu osanena "Amen" sanalakwe.

Akabwerera pamalo pake, ino ndiyo nthawi ya pemphero. Palibe mawu oloweza pamtima. Munthu amagwada n'kuuza Mulungu tchimo limene akufuna kulisiya, kaya ndi mowa, nkhanza za m'banja kapena chidani cha malire a munda.

Palibenso lamulo loti phulusa likhale pamphumi mpaka madzulo. Mvula kapena thukuta zikalichotsa panjira ya ku Mpingu, dalitso silinachoke. Ngakhale kadzozedwe kamasintha: mu 2021, chifukwa cha Covid-19, Vatican inalamula kuti phulusa lingowazidwa pamutu popanda kukhudzana.

Lamulo limene lilipo ndi la kusala. Azaka 18 mpaka 59 amadya chakudya chokwanira kamodzi, n'kungolawako pang'ono kawiri, pamene onse oyambira zaka 14 sadya nyama. Odwala sakakamizidwa.

Kwa banja limene likudya kale kamodzi patsiku, kusala kotere si kwachilendo. N'chifukwa chake Uthenga Wabwino wa tsikuli, Mateyu 6, umaika pamodzi kusala, kupemphera ndi kuthandiza osowa. Amene nkhokwe yake ikadali ndi chimanga, mbale ya ufa imene wapulumutsa posala aipereke mwakachetechete kwa mnansi amene ana ake agona ndi njala.