UPS ya seva ya pakhomo

UPS, chidule cha mawu achingerezi akuti uninterruptible power supply, ndi chipangizo chokhala ndi batire chimene chimapitiriza kudyetsa kompyuta magetsi a m'nyumba akathima. Chimagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi anthu amene ali ndi seva pakhomo, yomwe ndi kompyuta yosunga mafayilo, zithunzi kapena webusaiti ndipo imakhala yoyaka usana ndi usiku. Seva ikazima mwadzidzidzi ikulemba pa disiki, mafayilo amatha kuwonongeka, ndipo nthawi zina imakana kuyakanso. Ntchito ya UPS yotsika mtengo ndi kupatsa seva mphindi zokwanira kuti izime mwadongosolo.

Mitundu

Pali mitundu itatu ikuluikulu. Ya standby ndiyo yotchipa kwambiri. Imangodutsitsa magetsi ochokera pakhoma, ndipo akathima imasinthira ku batire m'mamilisekondi ochepa. Ya line-interactive ili ndi thiransifoma imene imakweza magetsi akabwera ofooka ndi kuwatsitsa akabwera amphamvu, popanda kudya batire. Ya online imadyetsa seva kudzera mu inveta yake nthawi zonse, koma ndi yodula. Kumene mphamvu ya magetsi imakwera ndi kutsika, ya line-interactive ndiyo imagwirizana bwino ndi thumba la munthu wamba. Ena mwa makampani odziwika ndi Eaton, CyberPower ndi APC, yomwe inagulidwa ndi Schneider Electric mu 2007.

Kukula kwake

Pa katoni pamalembedwa nambala ziwiri, ya VA ndi ya mawati, ndipo yofunika kuyang'ana ndi ya mawati. UPS yotchipa ya 650 VA nthawi zambiri imanyamula mawati 360 mpaka 390 okha. Wogula amaphatikiza mawati a seva, rauta ndi madisiki, kenako amasankha UPS yoposa chiwerengerocho. Pulintala ya laser silumikizidwa ku UPS chifukwa imakoka magetsi ambiri ikamatenthetsa.

UPS zazing'ono zambiri zimakhala ndi batire imodzi ya lead-acid ya 12 V ndi 7 Ah, yomwe pamasamu imasunga 84 Wh. Mphamvu ina imatayika mu inveta, choncho seva ya mawati 80 singafike ola limodzi pa batire yotere.

Zina zoyang'ana

UPS zotchipa zimatulutsa magetsi ongofanizira a pakhoma, otchedwa simulated sine wave. Makompyuta ena okhala ndi active PFC amazima akalandira magetsi amenewa, ndipo amafuna UPS ya pure sine wave.

UPS yoyenera seva imafunikanso malo olumikizira USB. Kudzera pa chingwe chimenechi, mapulogalamu aulere monga Network UPS Tools ndi apcupsd amadziwa kuti batire yatsala pang'ono kutha ndipo amazimitsa seva okha, ngakhale mwiniwake ali mtulo kapena ali kuntchito.

Batire ya lead-acid imakhala zaka 3 mpaka 5. Kutentha kopitirira 25 °C komanso kuiphwetsa kawirikawiri kumaikalambitsa msanga. N'chifukwa chake UPS yotsegula mosavuta posintha batire imapulumutsa ndalama.

Ku Malawi

Magetsi a ku Malawi ndi a 230 V ndi 50 Hz, choncho UPS yopangidwira msika wa ku United States, kumene ndi 120 V, siyoyenera. ESCOM ikamagawa magetsi mosinthanasinthana, dera limatha kukhala mumdima kwa maola angapo, monga zinalili mu 2022 namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira, amene amapereka mamegawati pafupifupi 130. UPS yaing'ono singapirire nthawi yotalika chonchi, ndipo batire yake imafuna maola angapo kuti idzazenso. Amene akufuna kuti seva isazime konse amawonjezera inveta yokhala ndi mabatire akuluakulu kapena magetsi a sola.