Mgodi wa Kayelekera ndi nkhokwe yosabereka

Abale anga, kusiyana kwa munda ndi nkhokwe mumakudziwa. Munda mukakolola chaka chino, mvula ikagwa mudzabzalanso. Nkhokwe sibereka. Dengu lililonse limene mwatapamo latuluka basi, ndipo tsiku lina dzanja lidzagunda pansi. Mgodi uli chimodzimodzi. Ndi nkhokwe imene tinaipeza yodzaza kale pansi pa nthaka, ndipo palibe dzinja limene lidzaidzazenso.

Tiyeni tione ya ku Kayelekera, kumadzulo kwa tauni ya Karonga, kumene kuli miyala ya yureniyamu yopangira magetsi m'mayiko akutali. Vuto la nkhokwe yotereyi n'lakuti mwini wake sangaitsegule yekha. Pamafunika makina, akatswiri ndi ndalama zochuluka. Choncho mu 2007 boma linagwirizana ndi kampani ya ku Australia ya Paladin, ndipo mgodi unatsegulidwa mu 2009. Boma linatenga magawo 15 pa 100 alionse a umwini.

Apa m'pamene pagona nkhani. Munthu akabwera ndi ngolo yake kudzatapa chimanga chanu, mungagwirizane naye m'njira ziwiri. Mungati, pa madengu 100 alionse otuluka, asanu ndi anga. Kapena mungati, ukagulitsa n'kuchotsera zonse zimene walowetsa, tidzagawane phindu. Njira yoyamba mumaiwerenga ndi maso anu. Yachiwiri imadalira mabuku a mwini ngolo, ndipo akanena kuti chaka chino phindu palibe, inu mumabwerera chimanjamanja ngakhale chimanga chapita. Pa mgwirizano wa 2007, msonkho wa njira yoyamba ija, umene lamulo linauika pa 5 peresenti, unatsitsidwa kufika pa 1.5 kwa zaka zitatu zoyambirira, kenako 3. Mu 2015 bungwe la ActionAid linawerengera kuti Malawi anataya madola pafupifupi 43 miliyoni m'zaka zisanu ndi chimodzi chifukwa cha misonkho yochepetsedwayo ndi njira zina zotumizira ndalama kunja. Kampani ya Paladin inatsutsa. Ine chimene chimandipweteka mtima n'chakuti dengu lotuluka motchipa silibwereranso kuti tidzaligulitse bwino mawa.

Ndiye pali mtengo. Suikidwa ku Karonga kapena ku Lilongwe. Mu Malichi 2011 chivomezi ndi madzi osefukira zinaononga malo opangira magetsi a nyukiliya ku Fukushima, ku Japan. Ogula anabwerera m'mbuyo, ndipo mtengo wa yureniyamu unatsika kuchoka pa madola pafupifupi 70 pa paundi kufika pansi pa 30 mu 2014. Chaka chomwecho ntchito yokumba inaimitsidwa, anthu mazanamazana n'kubwerera kunyumba. Taganizani za mayi amene ankaphika nsima yogulitsa kwa ogwira ntchito, kapena bambo amene anakongola ndalama n'kumanga nyumba za lendi. Ngozi ya ku Japan inawapeza pakhomo. Ntchito itatha, anthu anatsalabe ndi nkhawa ya zinyalala za mgodi, chifukwa mtsinje wa Sere umathira mu North Rukuru, ndipo iwo umathira m'nyanja imene timadyamo usipa.

Sindikunena kuti nkhokwe isatsegulidwe. Dziko la Botswana linapeza dayamondi ku Orapa mu 1967, linatenga theka la umwini mu kampani ya Debswana, ndipo ndalama zake linamangira sukulu, zipatala ndi misewu, zina n'kusunga m'thumba la Pula Fund kuyambira mu 1994. Ngakhale iwo, mtengo wa dayamondi utagwa m'zaka zapitazi, chuma chawo chagwedezeka.

Ku Kayelekera makina ayambanso kulira. Kampani ya Lotus Resources, nayonso ya ku Australia, inagula mgodiwu mu 2020, ndipo inayambiranso kutulutsa yureniyamu mu 2025. Pa mgwirizano watsopano wa 2024 msonkho uja wabwerera pa 5 peresenti. Ndi bwino ndithu. Koma inu ndi ine tiyenera kumafunsa aphungu athu chaka ndi chaka kuti zatuluka zingati, boma lalandira zingati, zafika ku Karonga ndi ziti, ndiponso ndalama zodzakwirira maenje ndi kusamalira mtsinje wa Sere mgodi ukadzatsekedwa zasungidwa kuti.