Ku Silobela, chilungamo cha khonsolo chimaoneka pa kaundula

Dera la Silobela lili m'boma la Kwekwe, m'chigawo cha Midlands ku Zimbabwe. Anthu ake amadalira ulimi, ziweto ndi golide wa m'migodi monga wa Jena komanso wa m'maenje a anthu okumba paokha. M'misika mumamveka Chindebele ndi Chishona, ndipo m'makomboni a migodi ya m'chigawochi mukadali mabanja olankhula Chichewa, zidzukulu za amuna omwe adachoka ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Mozambique kukafuna ntchito m'nthawi ya atsamunda. Ku Malawi ankawatchula kuti matchona. Ku Zimbabwe adapatsidwa dzina loti mabhurandaya, kuchokera ku dzina la mzinda wa Blantyre.

Silobela ndi Zhombe ali pansi pa khonsolo ya Zibagwe Rural District Council. Khonsolo yotere ndiyo imagawa malo a nyumba ndi a malonda, kutolera misonkho, kukonza misewu ndi mijigo, ndiponso kulemba anthu ntchito. Makhansala ndi mafumu amathandizanso polemba maina a olandira mbewu, feteleza ndi chakudya m'chaka cha njala. Pa ntchito zonsezi pamakhala kaundula, ndipo munthu wopanda chitupa nthawi zambiri dzina lake silifikamo.

Apa ndi pamene mbiri imapweteka. M'chaka cha 2001 boma lidasintha lamulo la unzika, n'kulamula kuti aliyense yemwe akadatha kukhala nzika ya dziko lina akane unzikawo m'miyezi isanu ndi umodzi. Ana ambiri a anthu a m'migodi ndi m'mafamu, obadwira ku Zimbabwe komweko, adataya unzika ndipo sadavote pa chisankho cha 2002. Zitupa zawo zidali ndi chizindikiro chosonyeza kuti iwo ndi alendo.

Malamulo oyendetsera dziko a 2013 adabweza ufuluwu. Gawo 43 likuti munthu wobadwira ku Zimbabwe malamulowa asanayambe kugwira ntchito, yemwe kholo lake lidali nzika ya dziko la mu SADC, ndi nzika yobadwa malinga ngati ankakhala m'dzikomo. M'chaka cha 2017 bwalo lalikulu la milandu lidagamula kuti anthu otere alembedwe m'kaundula wa voti. Komabe mu 2021 bungwe la Amnesty International lidati anthu pafupifupi 300,000 adali pa chiopsezo chokhala opanda dziko, kuphatikizapo zidzukulu za obwera komanso ana a anthu omwe adaphedwa pa nkhanza za Gukurahundi ku Matabeleland ndi Midlands m'zaka za m'ma 1980. Kholo likasowa chitupa, mwana amavutika kupeza kalata yakubadwa, ndipo vutolo limatsikira kwa mdzukulu.

Anthu ambiri amaganiza kuti kulimbana ndi ziphuphu ndi nkhani ina, kupereka mwayi wofanana kwa mitundu yonse ndi nkhani inanso. Gawo 194 la malamulowa limaika ziwirizi pamodzi. Limalamula ogwira ntchito za boma, kuphatikizapo a m'makhonsolo, kukhala ndi khalidwe labwino pa ntchito, kutumikira anthu mosakondera, ndi kulemba ntchito potengera luso la munthu, mosasiyanitsa amuna ndi akazi komanso mosasiya anthu aulumali. Limanenanso kuti maofesi a boma azionetsa mitundu yosiyanasiyana ya anthu a m'dzikomo. Gawo 6 limavomereza zilankhulo 16, ndipo Chichewa ndi chilankhulo chamanja zili m'gulumo. Maofesi ayenera kuganizira chilankhulo chomwe anthu okhudzidwa ndi ntchito yawo amafuna.

Kugwirizana kwake n'koonekeratu. Munthu amene sadziwa ufulu wake, kapena amene samva chilankhulo cha pa chikalata, ndiye woyamba kupemphedwa kangachepe. Sapitanso kukadandaula chifukwa amaopa kufunsidwa kumene agogo ake adachokera. Kalaliki akalembera ntchito mphwake, waphwanya lamulo la kalembedwe ka ntchito, ndipo pa nthawi yomweyo watsekera kunja mtsikana woyenerera wa ku komboni. Choncho katangale amakula msanga pamene pali tsankho.

Pa nkhani ya amayi pali kusintha. Pa chisankho cha 2018 amayi adapeza mipando yosakwana 15 pa mipando 100 iliyonse ya makhansala. Kusintha kwa malamulo kwa 2021 kudaonjezera mipando yapadera ya amayi yokwana 30 pa 100 iliyonse, ndipo izi zidayamba pa chisankho cha 2023. Mipandoyi idzapindula ngati amayiwo aikidwa m'makomiti a zachuma ndi ogawa malo, komwe mfundo zikuluzikulu zimamangidwa.

Alangizi a m'midzi ndi alimi ali ndi mbali yawo. Angathe kupempha kuti kaundula wa olandira thandizo awerengedwe poyera pa msonkhano wa mudzi, m'zilankhulo zomwe anthu amamva. Angathe kulemba mabanja opanda zitupa ndi kuwaperekeza ku ofesi ya kalembera, monga zidachitikira pa kalembera woyendayenda wa 2022. Ayeneranso kukumbutsa makhansala kuti lamulo limafuna kuti aulule ngati ali ndi gawo pa kontirakiti yomwe khonsolo ikukambirana. Wopemphedwa chiphuphu akhoza kukanena ku Zimbabwe Anti-Corruption Commission, ndipo wosalidwa kaamba ka mtundu kapena chilankhulo akhoza kudandaula ku Zimbabwe Human Rights Commission.

Gawo 301 limalamula kuti ndalama zosachepera 5 pa 100 iliyonse ya zomwe boma latolera zizipita ku zigawo ndi makhonsolo. Ndalamazi ndi za aliyense wokhala m'dera, kuphatikizapo gogo wa ku komboni yemwe mwamuna wake adathera mphamvu zake pansi pa mgodi. Dzina la gogoyo likapezeka pa kaundula popanda kulipira kanthu, anthu a ku Silobela adzadziwa kuti khonsolo yawo ikutsata lamulo.