Phunziro loyamba la judo ndi kugwa

Kwa sabata zitatu ndinkamukopa mnzanga amene timakhala desiki imodzi kuti tipite limodzi ku judo Loweruka. Yankho lake silinkasintha: "Aise, ine ndi kathupi kangaka? Akandinyamula kamodzi basi, mkono thyo! Mayeso ndikalemba ndi chiyani?" Mantha akewo anali omveka, choncho ndinasiya kumunyengerera n'kutulutsa kope la fizikisi. Zomwe ndinamuonetsa ndi izi.

Judo inayambira ku Japan. Jigoro Kano, yemwenso anali wa thupi laling'ono, anatsegula sukulu yake ya Kodokan ku Tokyo mu 1882, ndipo mu 1964 masewerawa analowa m'mipikisano ya Olimpiki mumzinda womwewo. Ukayamba kumene, aphunzitsi sathamangira kukuphunzitsa kugwetsa anthu. Amayamba ndi ukemi, luso la kagwedwe kosavulala.

Tiyeni tiwerengere. Munthu akagwa kuchoka pamtunda wa mita imodzi, amafika pansi pa liwiro la mamita pafupifupi 4.4 pa sekondi. Ngati amalemera makilogalamu 50, momentum yake ndi 50 kuchulukitsa ndi 4.4, yomwe ndi 220. Kuti thupi liime, momentum yonseyi iyenera kutha. Mphamvu yomwe nthaka imakumenya nayo timaipeza pogawa momentum ndi nthawi imene thupi latenga kuti liime.

Tiyerekeze kuti wagwa mouma ngati thabwa, n'kuima m'sekondi 0.02. Mphamvuyo ndi ma newton 11,000, ngati kulemera kwa matumba 22 a chimanga a makilogalamu 50. Koma ukagwa mogubuduka n'kuima m'sekondi 0.2, mphamvuyo imatsika kufika pa ma newton 1,100, matumba awiri ndi kapang'ono. Munthu ndi yemweyo, mtunda ndi womwewo, changosintha ndi nthawi. N'chifukwa chake goloboyi amabweza manja kuchifuwa akamagwira mpira wamphamvu, ndipo n'chifukwa chakenso mateti a judo amakhala ofewerako.

Chachiwiri ndi malo omwe mphamvuyo ikugwera. Pressure ndi mphamvu kugawa ndi kukula kwa malo. Ukapunthwa, thupi limatambasula lokha dzanja kuti litsamire pansi, ndiye mphamvu yonse imathera pakamfundo kolumikiza dzanja ndi mkono. Anthu ambiri othyoka pamenepa amagwa chonchi. Mu ukemi umapinda msana, n'kumenya mateti ndi mkono wonse kuti mphamvu imwazike pamalo aakulu. Chibwano umachitsamiritsa pachifuwa kuti mutu usamenye pansi. Umabwereza kambirimbiri mpaka thupi lizolowere kuchita zimenezi usanaganize n'komwe.

Apa mnzanga uja anandidula. "Chabwino, kugwako ndamva. Nanga ine ndingagwetse ndani?"

Ndinamuimiritsa, mapazi pamodzi, n'kumukankha ndi chala chimodzi paphewa. Anadzandira. Atatangadza miyendo n'kupinda mawondo pang'ono, ndinamukankhanso cham'mbali koma sanasunthe. Munthu akaima chilili, centre of gravity yake imakhala mkati mwa thupi, mmunsi pang'ono mwa mchombo. Malinga ngati ili pamwamba pa malo omwe mapazi azungulira, sugwa. Ikangotuluka kunja kwa malowo, mphamvu yokoka ya dziko imamaliza yokha ntchito. Ajudo amachitcha kuzushi: kumukoka kapena kumukankha mnzako kuti ayambe wapendekeka, kenako n'kumugwetsa. Wamfupi ali ndi mwayi pano, chifukwa chiuno chake chimalowa mosavuta pansi pa centre of gravity ya wamtali, ndipo wamtaliyo amazungulira pachiunopo. Komanso pampikisano anthu amagawidwa potengera kulemera, sungaikidwe ndi chimphona.

Sindinamunamize kuti ku judo kulibe kuvulala. Kulipo, monganso ku mpira. N'chifukwa chake zimenezi zimaphunziridwa pamateti, pamaso pa mphunzitsi wodziwa, makolo atavomereza. Osakayeserera pasimenti ya kuhositelo, chifukwa simenti imakuimitsa nthawi yomweyo ndipo masamu aja mwawaona. Amene wamenyetsa mutu n'kumamva chizungulire kapena nseru asiye pomwepo ndipo apite kuchipatala.

Loweruka lotsatira anabwera, atavala kabudula wa masewera. Ola lonse sanagwetse munthu. Ankangogwa chagada, kumenya mateti, kudzuka, kugwanso. Potuluka anandiuza kuti, "Ndagwa kosawerengeka koma palibe pomwe pakupweteka. Sabata yamawa udzandidutsire."

Ngati muli ndi mnzanu amene akuopa ngati iyeyu, musamuseke kuti ndi wamantha. Mufunseni chomwe akuopa, muwerengere naye limodzi, kenako mumupemphe kuti tsiku loyamba adzangoonerera mmene ena akugwera.