Masika akamatha ku Chipangali, kamera isagone m'thumba

Mvula ikakata, udzu n'kuyamba kufiira, ambiri okonda kujambula zithunzi amabweza foni m'thumba. Amati dziko lauma, adikira Disembala kuti kubiriwirenso. Koma amene anayendapo m'mamawa wa Meyi kapena Juni pa msewu wochoka ku Chipata kupita ku Lundazi amadziwa kuti masabata amenewa, pamene masika akutsazika ndipo chisanu chikulowa, ndiwo amapatsa wojambula zambiri. Ku Chipangali, boma limene linapatulidwa ku Chipata mu 2018, simufunika kusankha pakati pa chithunzi cha malo ndi cha banja. Nyengo ino banja lonse lili kumunda, choncho zonse ziwiri zimalowa m'chithunzi chimodzi.

Kumwamba koyera, dzuwa lopendekera

Mwayi woyamba uli mumlengalenga. Mvula yatsuka fumbi, ndipo moto wolusa wa kutchire sunafike pachimake. Kuyambira mu Ogasiti utsi ndi fumbi zimaphimba mapiri mpaka mvula yoyamba, koma mu Meyi munthu akakwera phiri la Kanjala amaona mzinda wa Chipata uli pansi, ndi mizere ya mapiri patali, uliwonse ndi mtundu wake. M'madambo nkhungu imagona mpaka dzuwa litakwera pang'ono. Wofuna kujambula ng'ombe zikutuluka m'khola mkati mwa nkhunguyo ayenera kulawira, chifukwa siichedwa kubalalika.

Dzuwa nalo limathandiza. M'miyezi imeneyi limadutsa chakumpoto, motero khoma la nyumba loyang'ana kum'mwera limakhala pamthunzi tsiku lonse. Pamenepo ndi pabwino kuimikapo anthu, chifukwa palibe amene amatsinzina kapena kuchita tsinya. Dzuwa la masana limaponya mdima m'maso ndi kuyeretsa chipumi, makamaka pa khungu lakuda. Ngati mulibe khoma lotero, mthunzi wa mango kapena wa pakhonde ungakwane. Kumbukiraninso kuti masiku afupika: ikamakwana hafu pasiti faifi madzulo dzuwa limakhala likulowa, ndipo kuwala kofiirira kumene kumakometsa mapesi ndi dothi kumabwera ola limodzi lokha izi zisanachitike.

Mitundu yathu ndi ina

M'mabuku ophunzitsa kujambula a ku Ulaya ndi ku America, nyengo yotsatira zokolola ndi ya masamba ofiira akuthothoka. Kuno nkhalango za miombo zimafiira mu Ogasiti ndi Seputembala, ndipo amakhala masamba atsopano akuphuka. Wofuna zimenezo mu Meyi abwerako chimanjamanja.

Zimene zilipo tsopano n'zina. Mikukwe ya chimanga yaima m'minda. Thonje lasweka, munda wonse mbuu. Fodya walendewera m'zigafa, ndipo kuwala kolowa m'mipata ya udzu kumagwa pa masambawo mokongola. Mtedza wakumbidwa, wayanikidwa. Pakati pa zouma zonsezi pali mtengo wa msangu, umene umachita zosemphana ndi inzake: umayoyola masamba m'dzinja n'kuphukira mvula ikatha. N'chifukwa chake alimi amausiya m'munda, poti suphimba mbewu ndipo masamba ake amawonjezera chonde. Msangu umodzi wobiriwira pakati pa mapesi achikasu ndi chithunzi chokwanira pachokha. Kudimba nako, kumene repu ndi tomato zayamba kumera, kumapereka kubiriwira kumene diso likufuna.

Banja lili pantchito

Kale wojambula ankabwera panjinga, anthu n'kusamba, kuvala za kutchalitchi ndi kuima mowongoka, manja m'mbali. Filimu inkapita kutauni, zithunzi n'kubwera patapita masabata. Zithunzi zimenezo n'zamtengo wapatali lero, komabe sizitiuza kuti makolo athu ankachita chiyani dzuwa likatuluka.

Foni yathetsa vuto lowerengera filimu, choncho palibe chifukwa choimitsira anthu ntchito. Jambulani agogo akufutsa masamba a nkhwani ndi khwanya, amayi akupeta, achinyamata akukweza chimanga pangolo, ana akutonola pamkeka, atsikana atasenza mitolo ya udzu wofolerera nyumba. Khalani pansi, muthandize kutonola, mucheze. Poyamba aliyense amayang'ana kamera ndipo ana amakwezera zala m'mwamba, koma pakapita kanthawi amakuiwalani. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Bwerani pafupi mujambule manja okha, kenaka mubwerere m'mbuyo kuti nyumba, nkhokwe ndi phiri zilowe. Musanayambe pukutani galasi la kamera, chifukwa fumbi la chimanga limachititsa chithunzi kuoneka ngati chautsi, ndipo dinani pankhope ya munthu pa sikirini kuti foni iyeze kuwala kuchokera pamenepo.

Ngati mukufuna chithunzi chokonzekera, simufunika situdiyo. Seydou Keïta wa ku Bamako, m'dziko la Mali, amene zithunzi zake zinaonetsedwa m'mizinda ikuluikulu ya dziko lapansi, ankajambula anthu pabwalo la nyumba yake, ndi kuwala kwa dzuwa, atapachika nsalu kumbuyo kwawo. Chitenje chimodzi chomangidwa pakati pa mitengo iwiri chingagwire ntchito yomweyo. Tchuthi cha pa 25 Meyi, tsiku lokumbukira ufulu wa Africa, chimapatsa a kutauni mpata wofika kumudzi, ndipo ndi tsiku labwino losonkhanitsa mtundu wonse.

Kamera imagogoda kaye

Mudzi si msika. Mlendo amayamba waonekera kwa amfumu, ndipo aliyense amapemphedwa asanajambulidwe. Kwa ana, chilolezo chimachokera kwa makolo. Kumanda ndi kudambwe kamera siiloledwa. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005, amajambulidwa pabwalo pokha, eni ake akavomereza. Wofuna magule ambiri adikire mwambo wa Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete, kumapeto kwa Ogasiti, kapena Nc'wala ya ku Mtenguleni mu Febuluwale.

Ngakhale pa banja lanu lomwe pali malamulo. M'mabanja ambiri mkamwini saima phewa ndi phewa ndi apongozi ake. Musawakakamize, ikani adzukulu pakati, akuluakulu akhale pampando kapena pamkeka monga amakhalira masiku onse. Chithunzi chotero chimanena zoona za banjalo kuposa mzere wowongoka.

Musasiye zonse mufoni

Pali chifukwa china chosachedwera. Mabanja ambiri tsopano amasunga chimanga m'matumba, m'nyumba, poopa anankafumbwe ndi akuba, ndipo nkhokwe zolukidwa ndi nsungwi zikuchepa. Madenga a udzu akusinthidwa ndi malata. Mwana wobadwa chaka chino mwina adzangomva za zinthu zimenezi.

Foni imagwa m'chitsime, imabedwa, imafa. Mukagulitsa soya kapena fodya, patulani kandalama kochepa, musankhe zithunzi zisanu kapena khumi, mukazitsukitse ku Chipata. Kumbuyo kwa chilichonse lembani mayina a anthuwo, mudzi ndi chaka, ndipo china mukapereke kwa amene munawajambula.