Matimu 25, Mayiko 13: Moyo wa Wosewera Mpira Woyendayenda

M'nyumba zathu zambiri kuno kunja muli mwana amene amagona mpira uli kumutu kwa bedi. Mukamufunsa chimene adzakhale akadzakula sachedwa kuyankha, ndipo mayina amene amatchula ndi omwe aja: Salah, Haaland, Mbappé. Ife makolo timangomwetulira, Loweruka m'mawa n'kukaima naye pabwalo kukuzizira, kaya ndi ku Leeds, ku Randburg kapena ku Bulawayo. Chimene sitikambirana kawirikawiri n'chakuti anthu ambiri amene amadyera mpira sakhala moyo wa akatswiri atatuwa. Ambiri ndi oyendayenda. Chaka chino ali dziko ili, chaka chamawa ali dziko lina, katundu wawo yense amakwana m'zikwama ziwiri, ndipo mgwirizano wawo ndi timu umatha asanaphunzire n'komwe kupereka moni m'chiyankhulo cha kumeneko. Ife amene tinasiya kwathu kudzafuna ntchito sitingadabwe nawo moyo wotere. Komabe mpira uli ndi malamulo akeake, ndipo kholo kapena mwana amene akuuganizira ngati ntchito ayenera kuwadziwa.

Tiyambe ndi goloboyi wa ku Germany, Lutz Pfannenstiel, amene anabadwa mu 1973 m'tauni ya Zwiesel, m'chigawo cha Bavaria. Ali mnyamata anasewerako timu ya achinyamata ya dziko lake, ndipo timu ya Bayern Munich inamufuna. Anakana. Anaona kuti kumeneko akangokhala pabenchi kumbuyo kwa magoloboyi akuluakulu, pamene iye ankafuna kusewera sabata iliyonse. Choncho ali ndi zaka pafupifupi 20 anakwera ndege kupita ku Malaysia kukagwirira pagolo timu ya Penang. Kuchoka apo sanakhazikikenso. Anapita ku Mangalande, ku Wimbledon ndi ku Nottingham Forest, komwe sanapeze malo m'timu yoyamba. Forest inamubwereketsa ku Orlando Pirates, ndiye inu a Kujoni amene mumachemerera timuyi dziwani kuti mzungu ameneyu anavalako yunifolomu yanu. Kenako anapezeka ku Finland, ku Singapore, ku New Zealand, ku Norway, ku Canada, ku Albania, mpaka kukathera ku Namibia, ku timu ya Ramblers ya ku Windhoek. Powerengera onse, anasainira matimu 25 m'mayiko 13.

Bungwe la FIFA linagawa dziko lapansi m'zigawo 6 za mpira: Ulaya, Africa, Asia, Oceania, South America, komanso North America pamodzi ndi mayiko a pakati ndi zilumba za Caribbean. Mu 2008 Pfannenstiel atasewerera timu yaing'ono ya ku Brazil ya Atlético Hermann Aichinger, anakhala munthu woyamba kusewera mpira wolipidwa m'zigawo zonse 6.

Zikamveka choncho zimakhala ngati ulendo wokayenda. Koma tamvani zina zimene anakumana nazo. Ali ku Singapore ndi timu ya Geylang United anamumanga pa mlandu wogwirizana ndi anthu a juga pa zotsatira za masewero, ndipo anakhala m'ndende masiku 101. Iye amakana mlanduwo mpaka lero. Amati munthu wina anangomufunsa ngati timu yake ipambane, iye n'kuvomera monga mmene wosewera aliyense angayankhire. Kaya zinayenda bwanji, anali mlendo m'dziko la eni, kutali ndi abale, ndipo anatuluka m'ndendemo thupi litatha, dzina litaipa. Pasanathe zaka ziwiri, pa 26 December 2002, akusewerera Bradford Park Avenue, timu ya m'maligi aang'ono a ku Mangalande, anawombana ndi wosewera wa Harrogate Town n'kugwa pansi. Anasiya kupuma katatu pabwalo pomwepo, ndipo anapulumuka chifukwa wachipatala wa timuyo anamuuzira mpweya m'kamwa. Nkhani imene anthu amakonda kuseka nayo ndi ya ku New Zealand, komwe anatenga mbalame ya penguin kukaisunga m'bafa kunyumba kwake mpaka akuluakulu a timu atamuuza kuti akaibweze asanamuthamangitse m'dzikomo. Ife tikuiona ngati nkhani ya mnyamata amene ankasowa chochita madzulo, kudziko kumene analibe mbale.

Wina amene ambiri a ife tikumukumbukira, ngakhale mosakondwa, ndi Sebastián Abreu wa ku Uruguay. Pa 2 July 2010 ku Soccer City mu Johannesburg, Luis Suárez atagwira mpira ndi manja pamzere wagolo ndipo Asamoah Gyan atamenyetsa penate pachitsulo, masewero a Ghana ndi Uruguay anakafika pa mapenate. Amene anamenya penate yomaliza, kungounyamula mpira pang'onopang'ono pakati pa golo ngati akusewera ndi ana, anali Abreu. Usiku umenewo Africa yense anagona ndi chisoni. Munthu ameneyu anasewerera matimu 31 m'mayiko 11, analowa m'buku la Guinness atapitirira chiwerengero cha Pfannenstiel, ndipo anasiya mpira mu 2021 ali ndi zaka 44.

N'chifukwa chiyani munthu waluso chotere sakhazikika?

Chifukwa choyamba ndi mgwirizano. Malamulo a FIFA amalola kuti kontrakiti ifike zaka 5, ndipo kwa wosewera wosakwana zaka 18 isapitirire zaka 3. Koma zaka 5 amapatsidwa ndi okhawo amene timu ikuona kuti idzawagulitsa pamtengo wabwino. Wosewera wamba, makamaka mlendo, amapatsidwa chaka chimodzi, mwinanso miyezi 6. Akavulala, mphunzitsi amene anamubweretsa akachotsedwa ntchito, kapena timu ikatsika mu ligi, mgwirizano ukatha palibe woukonzanso. Ndiye ayenera kupeza timu ina msika wa osewera usanatsekedwe, pakuti dziko lililonse limatsegula msikawu kawiri kokha pachaka. Ku Ulaya waukulu umakhala pakati pa chaka, waung'ono mu January. Ukatsekedwa iye alibe timu, akhoza kutha miyezi osalandira kanthu, uku lendi ikudikira.

Chachiwiri ndi ngongole. Timu imene ili ndi wosewera amene sikumugwiritsa ntchito imamubwereketsa kwina, n'kumagawana malipiro ake ndi timu yobwerekayo. Abreu anagulidwa ndi Deportivo La Coruña ya ku Spain mu 1998, koma zaka zambiri za mgwirizanowo anathera pangongole ku Brazil, ku Mexico, ku Argentina ndi kwawo ku Uruguay. Pamapepala anali wosewera wa ku Ulaya, pamene m'maso mwa anthu ankangooneka kwina. Masiku ano FIFA inachepetsako mchitidwewu: ngongole imodzi sipitirira chaka, ndipo pali malire a osewera amene timu ingabwereketse kunja.

Palinso mapepala, nkhani imene ife sitifunika kuphunzitsidwa. Maligi ambiri ali ndi malire a osewera akunja. Ku South Africa timu ya mu PSL imalembetsa alendo osapitirira 5, kotero mlendo akangotsika pang'ono pakasewero kake malo ake amafunidwa ndi wina. Ku Britain, chiyambire January 2021 dzikolo litatuluka mu European Union, wosewera aliyense wakunja amafunika chilolezo cha bungwe la mpira la kumeneko asanapatsidwe chitupa chogwirira ntchito. Chilolezocho amawerengera mapointi: wasewerera kangati timu ya dziko lake, dzikolo lili pa nambala yanji pa mndandanda wa FIFA, ndipo ligi imene akuchokera ndi yamphamvu bwanji. N'chifukwa chake wosewera wochokera kwathu kawirikawiri safika ku Ulaya molunjika. Amayamba wadzera kwina. Esau Kanyenda anachoka ku Dwangwa kupita ku Jomo Cosmos, ndipo pochoka kumeneko m'pamene anakafika ku Russia, ku Rostov ndi ku Lokomotiv Moscow. Ernest Mtawali anatchukira ku Bloemfontein Celtic ndi ku Mamelodi Sundowns, n'kukasewerakonso ku Argentina ndi ku Toulouse ku France.

Nthawi iliyonse imene wosewera akusamuka dziko, bungwe la mpira la kumene akuchoka liyenera kutumiza chiphaso chomumasula, chimene amachitcha ITC, kudzera pa makina a FIFA a pa intaneti. Chiphasochi chisanafike sangasewere, ngakhale atasaina kale. Komanso m'chaka chimodzi cha mpira wosewera akhoza kulembetsedwa m'matimu atatu, koma amaloledwa kusewerera awiri okha, kupatula pamene maligi ake amayamba miyezi yosiyana. Amene wasankha molakwa kawiri ndiye kuti chaka chimenecho chamuthera.

Malipiro akasiya kubwera

Ili ndiye vuto limene limathamangitsa oyendayenda ambiri. Matimu ang'onoang'ono m'mayiko osiyanasiyana amalonjeza ndalama zimene alibe. Mwezi woyamba amalipira, wachiwiri amati dikira, wachitatu bwana sakuyankhanso foni. Kale wosewera ankangonyamula chikwama n'kuthawa, kenako timu yomweyo n'kumusumira kuti waphwanya mgwirizano. Kuyambira mu 2018 lamulo la FIFA likunena momveka: timu ikalephera kulipira malipiro a miyezi iwiri, wosewera ailembere kalata yoipatsa masiku 15 kuti ilipire zonse. Ikalepherabe, ali ndi ufulu wothetsa mgwirizano ndi kukadandaula ku bwalo la milandu la FIFA, ngati iye ndi mlendo m'dzikomo. Dandaulo lotere salipiritsa, koma liyenera kukafika pasanathe zaka ziwiri. Zonsezi zimatheka pokhapokha ngati pali kontrakiti yolembedwa, yosainidwa, ndipo wosewerayo ali ndi kope lakelake. Zolonjezana pakamwa m'galimoto pochokera ku bwalo la ndege sizipita kulikonse. Mayiko ambiri alinso ndi mabungwe oimira osewera amene ali pansi pa FIFPRO, ndipo ndiwo amathandiza kulemba makalata otere.

Zokhudza ana athu

Apa ndi pamene makolo tiyenera kutchera khutu. FIFA imaletsa kusamutsa mwana wosakwana zaka 18 kuchoka dziko lina kupita lina chifukwa cha mpira. Lamuloli si lamasewera: Barcelona inaletsedwa kugula osewera italiphwanya, ndipo Chelsea inalandira chilango chotere mu 2019. Pali zifukwa zochepa zimene amalolera. Chachikulu n'chakuti makolo asamukira dzikolo pa zifukwa zosakhudzana ndi mpira, monga ntchito kapena maphunziro. Ena amene amaganiziridwa ndi ana othawa nkhondo, ana okhala pafupi ndi malire a mayiko, komanso a zaka 16 mpaka 18 osamuka pakati pa mayiko a European Union.

Chimene ambiri sitidziwa n'chakuti lamulo lomweli limakhudzanso mwana amene sanalembetsedwepo kwina kulikonse, bola ngati si nzika ya dziko limene akukhala. Mwana wathu wa zaka 10 kapena kuposerapo, amene ali ndi pasipoti ya Malawi, Zambia kapena Zimbabwe, akafuna kulembetsedwa m'timu yovomerezeka, akhoza kufunsidwa umboni wa chimene banja linabwerera, kapena umboni woti wakhala m'dzikomo zaka 5 mosadukiza. Makalata a ntchito, a sukulu ndi a nyumba amene timawaunjika m'kabati aja, apa amagwira ntchito. Aphunzitsi a timu akachedwa kumulembetsa mwana, nthawi zina si tsankho ayi, akudikira mapepala amenewa.

Ndiye pali madobadoba a mpira. Amabwera ndi kalata yokhala ndi chizindikiro cha timu ya ku Ulaya kapena ya kwa Aluya, yoitana mwana kuti akayesedwe, n'kunena kuti pakufunika ndalama za ndege, za chitupa ndi za malo ogona. Mabanja ena mu Africa muno agulitsapo minda ndi ziweto chifukwa cha makalata otere, mwana n'kukasiyidwa pa hotela m'dziko lachilendo, timu yotchulidwayo isakumudziwa n'komwe. Ife amene tili kunja ndife amene abale akumudzi amatiimbira kuti tithandize ndalamazo, choncho tili ndi mpata wofufuza tisanatumize. Kuyambira mu 2023 munthu woimira osewera pa misika ya mayiko amayenera kukhala ndi chiphaso cha FIFA, ndipo mayina a amene ali nacho amapezeka pa tsamba la bungweli. Timu imene yatchulidwa m'kalatayo tikhoza kuilembera tokha kudzera pa adiresi yake yeniyeni, osati imene yalembedwa ndi dobadobayo. Ndipo ngati mwanayo sanakwane zaka 18, funso loyamba n'lakuti akasewera bwanji kumeneko pamene lamulo likuletsa.

Sitikunena kuti moyo woyendayenda ndi wotayika. Abreu anasewerera dziko lake masewero 70, anapita ku World Cup kawiri, ndipo anali m'timu imene inatenga chikho cha Copa América mu 2011. Ali ku Dorados ku Mexico anasewera limodzi ndi Pep Guardiola, amene panthawiyo ankamaliza zosewera akukonzekera za uphunzitsi. Pfannenstiel naye atavula magolovesi anapeza kuti chimene anatuta m'maulendo ake ndi anthu: ankadziwa wina woti amuimbire foni pafupifupi m'dziko lililonse kumene kumaseweredwa mpira. Timu ya Hoffenheim ya ku Germany inamulemba ntchito mu 2011 yofufuza osewera kunja, mu 2018 anakhala mkulu woona zamasewero ku Fortuna Düsseldorf, ndipo mu 2020 anapatsidwa ntchito yomanga timu yatsopano ya St. Louis City ku America, kuyambira pa wosewera woyamba. Timuyo italowa mu ligi ya MLS mu 2023, inamaliza chaka chake choyamba ili pamwamba pa matimu onse a chigawo chakumadzulo.