Chilolezo cha utsi chiyambe, maziko abwere pambuyo

Munthu akafuna kutsegula fakitale mu Lilongwe amawerengera mtengo wa makina, msonkho wa ku MRA, poloti ndi ndalama zokokera magetsi a ESCOM. Utsi supezeka pamndandandawo. Komatu boila, uvuni wamkulu, makina ophwanya miyala ya kwale kapena ophika phula, zonsezi zimatulutsa utsi kapena fumbi, ndipo lamulo limafuna kuti nkhani yake ithe njerwa yoyamba isanayalidwe.

Lamulolo ndi Environment Management Act la m'chaka cha 2017, lomwe lidalowa m'malo mwa la 1996. Ndilo lidakhazikitsa bungwe loteteza chilengedwe la Malawi Environment Protection Authority, lomwe ambiri amangoliti MEPA. Pa mfundo zake, ziwiri zimakhudza thumba la wamalonda. Yoyamba ndi yakuti ntchito zikuluzikulu zomwe boma lidaziika pamndandanda siziyamba popanda kauniuni wa momwe zikhudzire chilengedwe ndi anthu, yemwe amadziwika kuti ESIA. Yachiwiri ndi yakuti maofesi ena opereka ziphaso sayenera kuvomereza ntchito yotere kauniuniyo asanavomerezedwe. Choncho amene wazemba khomo loyambali amakapeza makomo enawo ali otseka.

Poyambira pake sipovuta. Mwini ntchito amalemba chikalata chachidule chofotokoza chomwe akufuna kumanga, malo ake, zipangizo ndi zinyalala zomwe zizituluka. A MEPA akachiona amanena ngati pakufunika kauniuni wathunthu kapena pulani chabe yosamalira chilengedwe. Kauniuni wathunthu amachita ndi akatswiri olipidwa ndi mwini ntchito, ndipo amayenera kumva maganizo a anthu oyandikana ndi malowo. Izi zimatenga miyezi, osati masiku.

Pomwe ambiri amagwa m'mbuna ndi pa kusintha fakitale yomwe ilipo kale. Chiphaso chimaperekedwa molingana ndi zomwe zidalembedwa m'lipoti: makina akuti, oyendera chakuti, ogwira ntchito maola akuti, chumuni yotalika mwakuti. Bizinesi ikamakula, mwini wake amaonjezera boila yachiwiri, kapena amasiya dizilo n'kuyamba malasha a ku Mchenga poona kuti akutsika mtengo, kapenanso amayamba kugwira usiku wonse. Kwa iye fakitale ndi yomweyo, dzina ndi lomwelo, chiphaso chili pakhoma. Koma utsi wasintha. Malasha amatulutsa mwaye, phulusa louluka ndi mpweya wa sulfure wolasa m'mphuno, zomwe chumuni yakale sidapangidwire. Utuchi ndi makoko a mtedza ndi zotchipa, koma zikakhala zonyowa zimafuka koopsa. Chiphaso chakale sichiphimba zimenezi, ndipo wochenjera amalembera a MEPA asanaitanitse makina atsopano.

Magetsi nawo adakankhira ambiri m'vutoli osadziwa. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, mafakitale ambiri adadalira majenereta kwa nthawi yaitali. Jenereta yongodikira kuti magetsi athime ndi chinthu china. Yobangula maola khumi tsiku lililonse yasanduka chumuni yachiwiri.

Si Malawi yekha amene amayang'ana pa kusinthaku. Ku America, lamulo la Clean Air Act lidaonjezeredwa mu 1977 kuti fakitale yaikulu yatsopano, ngakhalenso yakale yomwe ikusinthidwa kwambiri, itenge chilolezo isanayambe kumanga. Milandu yambiri kumeneko yakhala yokanganirana funso limodzi: kumeneku ndi kukonza kwa nthawi zonse kapena ndi kukuza fakitale? Ku South Africa lamulo la 2004 loona za mpweya limafuna chiphaso chapadera cha utsi. Amene akugula makina ogwirapo kale ntchito ku Johannesburg azifunsa chomwe mwini wake akuwagulitsira. Ena amakhala atalephera miyezo ya kwawo.

Malo nawo ali ndi mawu. Lilongwe adaikonza kuti mafakitale akuluakulu akhale ku Kanengo, ang'onoang'ono ku Area 4 ndi madera ena a ku Old Town, maofesi ku City Centre, nyumba ku Area 3, 9, 10, 43 ndi 47. Lero malirewa adasokonekera. Nyumba zambiri za ku Area 3 ndi Area 47 zidasanduka maofesi, mabekale ndi magalaji opopera magalimoto penti. Kusintha ntchito ya poloti kumafuna chilolezo cha khonsolo ya mzinda pansi pa lamulo la mapulani la 2016, ndipo kulipira lendi sikulowa m'malo mwa chilolezocho. Aneba a m'madera amenewa si ongodandaulira pa mpanda. Amadziwa kulemba kalata, ena ali ndi maloya, ndipo lamulo la 2017 limapatsa munthu aliyense ufulu wokhala pamalo aukhondo ndi wopita kukhoti ufuluwo ukaphwanyidwa.

Nyengo imaulula zomwe pepala lidabisa. Mu Juni ndi Julayi, m'mawa kukazizira, mpweya wozizira umakhala pansi ndipo utsi sukwera. Umangoyandama pamwamba pa madenga mpaka dzuwa litatentha. Mphepo ya mwera ikamaomba kuchokera kummwera chakummawa, nyumba zakumpoto chakumadzulo kwa chumuni ndizo zimalandira zonse. Ndi chifukwa chake katswiri wabwino amafunsa za kutalika kwa chumuni ndi komwe mphepo imalowera asanafunse za mtundu wa penti.

Nanga mtengo wozemba? Oyendera malo ali ndi mphamvu zolamula kuti ntchito iime, ndipo pali chindapusa. Koma chopweteka kwambiri ndi makina ogulidwa ndi madola kungokhala m'makontena ngongole ya kubanki ikubereka chiongoladzanja. Amene adaimitsidwa chakumapeto kwa 2023, pomwe kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala, akadapeza kuti sefa yogwira fumbi yomwe adaikana poyamba yakwera mtengo kwambiri. Kuika sefa pa pulani n'kotchipa kusiyana ndi kugumula khoma kuti ilowe.

Wa chigayo chimodzi kapena kabekale kakang'ono kawirikawiri safika pa kauniuni wathunthu, ngakhale malamulo a khonsolo ndi a zaumoyo amamukhudzabe. Boila ilinso ndi mwini wake wina: oyendera malo a ntchito a ku unduna wa zantchito, omwe amaiyeza pansi pa lamulo la 1997 loteteza ogwira ntchito.

Wogula kapena wobwereka fakitale ya wina ku Kanengo apemphe kuona lipoti lenileni lomwe lidavomerezedwa, osati chiphaso chokha, kenaka ayende m'katimo akuwerenga machumuni ndi makina ngati akufanana ndi zolembedwazo. Akapeza boila ziwiri pomwe lipoti likunena imodzi, ndalama zokonzera mapepalawo zichotsedwe pa mtengo asanasainirane.